Moyo wa mumdima: chifukwa chake nsomba za m'mapanga zilibe maso

Kumpoto kwa dziko la Namibia, kufupi ndi tauni ya Otavi, kuli phanga lotchedwa Aigamas. Pansi pa phangali pali dziwe lomwe dzuwa silifikapo, ndipo m'dziwemo mumakhala mtundu wa mlamba umene supezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Ndi m'bale wa mlamba womwe timaudziwa ku Chilwa ndi m'chigwa cha Shire, koma maonekedwe ake ndi ena. Khungu lake ndi lotuwa mopita ku golide, kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 16, ndipo maso ake ndi aang'ono kwambiri moti sagwira ntchito yeniyeni.

Amene adaupatsa dzina lasayansi loti Clarias cavernicola m'chaka cha 1936 ndi Ethelwynn Trewavas, katswiri wa ku Britain yemwenso adafufuza kwambiri nsomba za m'nyanja ya Malawi.

Ambiri angaganize kuti vuto lalikulu m'phanga ndi mdima, koma chomwe chimasautsa kwambiri ndi njala. Popanda kuwala zomera sizimera, choncho chakudya chonse chimachokera kunja: zitosi za mileme, tizilombo takufa, ndi zinyalala zomwe madzi a mvula amakokolola. Chamoyo chomwe chimamwaza mphamvu pachabe sichingakhalitse m'malo otere.

Apa ndipo pagona nkhani ya maso. Diso, pamodzi ndi mbali ya ubongo yomwe imatanthauzira zimene diso laona, limadya mphamvu zambiri. Ku Mexico kuli kansomba kotchedwa Astyanax mexicanus komwe kali m'magulu awiri: za m'mitsinje zili ndi maso, pomwe za m'mapanga zilibe. M'chaka cha 2015, akatswiri a ku yunivesite ya Lund ku Sweden adapeza kuti kansomba kakang'ono ka mumtsinje kamataya mpaka magawo 15 pa 100 alionse a mphamvu zake pa kupenya kokha. M'phanga, mphamvu zimenezi zimangopita padera. Pa mibadwo yambirimbiri, nsomba zomwe zinkabadwa ndi maso ofooka sizinkaluza kanthu, m'malo mwake zinkapirira njala kuposa zinzake n'kusiya ana ambiri. Mpaka lero, diso la nsomba ya m'phanga limayamba kupangika idakali m'dzira, kenako limafota n'kukutidwa ndi khungu. Mtundu wa khungu nawo umazimirira chifukwa kulibe dzuwa loti udziteteze nalo.

Maso akatha, ziwalo zina zimakula mphamvu. Nsomba za m'mapanga a ku Mexico zimamva kugwedezeka kochepa kwa madzi kudzera m'timinyewa ta pamutu ndi m'mbali mwa thupi, zimalawa ndi kununkhiza mwakuthwa, zimasunga mafuta ambiri, ndiponso zimagona pang'ono poyerekeza ndi za m'mitsinje.

Katswiri weniweni wopirira njala ndi kanyama kotchedwa olm, ka m'gulu la achule koma kooneka ngati buluzi wotuwa, komwe kamakhala m'madzi apansi m'mayiko a Slovenia, Croatia ndi Bosnia. Kale madzi osefukira akakatulutsa kunja, anthu ankati ndi mwana wa chinjoka, monga adalembera Valvasor m'chaka cha 1689. Kanyamaka kamatha zaka zingapo kasanadye, ndipo akatswiri amati kangathe kukhala ndi moyo zaka zoposa 100. Ku Bosnia, ofufuza adapeza kamodzi pamalo amodzimodzi patapita zaka 7. Kakakazi kamaikira mazira pafupifupi kamodzi pa zaka 12 zilizonse, n'chifukwa chake mazira ataswa m'phanga la Postojna ku Slovenia m'chaka cha 2016 idali nkhani ya dziko lonse.

Koma nzeru zomwezi ndi zimene zimaika zamoyozi pangozi. Nyama yoswana mochedwa chonchi, yokhala m'dziwe limodzi, ilibe kothawira zinthu zikasintha. Bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zingathe, lidaika mlamba wa ku Aigamas m'gulu la zomwe zili pachiopsezo chachikulu kwambiri, ndipo nkhawa yaikulu ndi kutsika kwa madzi apansi anthu akamawapopa mopyola muyeso. Ku Ulaya, mdani wa olm ndi feteleza, mankhwala a m'minda ndi zonyansa za m'mafakitale, zomwe zimadutsa msanga m'ming'alu ya miyala ya laimu popanda kusefedwa ndi dothi.

Madzi omwe zamoyozi zimakhalamo ndi omwewo amatuluka pa akasupe ndi pamijigo kuti anthu amwe. Zikayamba kufa, ndiye kuti madziwo aipa kale, ngakhale akuoneka oyera m'chidebe.