TV ikafa m'motoka ya nyumba, yambani ndi nthambo

Okhala m'mbali mwa msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe amaziona motoka za alendo zokhala ndi bedi, khichini ndi TV mkati. TV yotere ikaleka kuonetsa, musafulumire kuitaya. Kawirikawiri mlandu umakhala wa nthambo.

Nthambozo ndi ziwiri. Ya malaiti imacokera ku batire yaciwiri ya mavoti 12, osati yolizira injini, ndipo imadutsa pa fyuzi. Onani fyuziyo coyamba. Inayo ndi ya eriyo, yonenepa, ya mkuwa pakati. Imatsika kucokera pa denga kulowa m'kabati, momwe mumabisala kabokosi kokuza siginolo. Kakazima, cithunzi cimathawa.

Musanamasule kanthu, cotsani nthambo ya negetivu ku batire. Masulani masikuluu a kabati, osaboola cipupa mwacisawawa, pakuti kumbuyoko kumapita mapaipi a gasi ndi madzi. Nthambo ya eriyo muizule mbali zonse ziwiri, mulumikize mkuwa wa pakati ndi ukonde wake mbali imodzi, mupime ndi mita mbali inayo. Mita ikapanda kulira, yaduka.

Alimi a TV ya sola, njira ndi yomweyi, koma kwanu yambirani pomwe padya makoswe.