Musathamangire kunena kuti kompyuta yafa

M'sukulu zambiri za sekondale za kumudzi muli kachipinda kamene amaunjikamo makompyuta oti akuti anafa. Koma ena mwa iwo mukawayatsa amayaka bwinobwino. Chimene chinawagonetsa m'fumbi n'choti mukalowetsa fulashi, mausi kapena chingwe cha pulinta pa timabowo ta USB, kompyutayo imangoti zii ngati simunalowetse kanthu.

Kuno ku Benga, pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi boma la Nkhotakota, vuto lotereli limapweteka. Wokonza makompyuta amachokera kutali, ndipo thiransipoti yake yokha imatha kuposa mtengo wa chimene chawonongeka. Podikira iyeyo, mayeso a teremu amakhala atatsekeredwa m'fulashi, ndipo ana a Fomu 4 amene akukonzekera Computer Studies pa mayeso a MSCE amaunjikana asanu pa kompyuta imodzi. Chonsecho nthawi zambiri mphunzitsi akhoza kupeza vuto yekha, bola ayambire pa zosalira ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe tadziwa mmene kabowoka kamagwirira ntchito. USB inayamba mu 1996. M'kabowo kamasiku onse muli tizitsulo tinayi. Tiwiri ta m'mbali timanyamula magetsi a mphamvu ya mavoti 5, tiwiri ta pakati timanyamula uthenga. N'chifukwa chake foni itha kumatchaja pa kabowo kamene kakukana fulashi: magetsi akudutsa, koma njira ya uthenga yaduka. Magetsi akenso ndi ochepa. Kabowo ka USB 2.0 kanapangidwa kuti kazipereka 500 mA, ndipo ka USB 3.0, kamene kawirikawiri kamakhala ka buluu m'kati, 900 mA. Chinthu chikakoka mopitirira, kompyuta imatseka kabowoko podziteteza.

Choyamba, onetsetsani kuti wodwala ndi ndani. Tengani fulashiyo mukaiyese pa kompyuta ina, ndipo pa kabowo kokayikitsako muyese mausi imene mukudziwa kuti ndi yabwino. Mafulashi ena otchipa amafa okha, kabowo kalibe mlandu. Yesaninso timabowo ta kumbuyo. Ta kumbuyo timamatidwa pa motherboard penipeni, pamene ta kutsogolo timadalira kachingwe ka m'kati kamene kamatha kuzuka kompyuta ikagwedezeka pa njinga kapena pa matola. Ngati ta kumbuyo tikugwira, kompyuta yanu ili moyo.

Chachiwiri, thimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, chotsani zonse zolumikizidwa, kenaka dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30. Izi zimachotsa magetsi otsalira m'kati, ndipo kabowo kamene kanadzitseka kamatha kudzuka. Njirayi imathandiza makamaka vuto likayamba magetsi atathima n'kubwera mwadzidzidzi.

Chachitatu, chingwe chidakali chozula, unikani m'kabowo ndi tochi ya foni. Ife a kunyanja tili ndi adani athuathu. Mphepo ya mwera imabweretsa fumbi ndi mchenga, chinyezi chimachititsa dzimbiri, nkhungu ndi nyerere zimafera m'timabowo, ndipo pa holide mavu ena amamatamo dothi. Chotsani zinyalala ndi kamtengo kosongola kapena mswachi wouma. Musagwiritse waya, singano kapena madzi. Mukaona kuti kapulasitiki ka pakati kathyoka, kapena tizitsulo tapindika n'kukhudzana, matani kabowoko ndi selotepi. Kabowo kamodzi kotere kamatha kugonetsa tinzake.

Chachinayi, yesani kiyibodi kompyuta ikungoyaka, Windows isanatseguke. Dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena Delete pa ena, kuti mulowe mu BIOS. Kiyibodi ikagwira mmenemo, ndiye kuti kabowo n'kabwino, vuto lili mu Windows. Muli momwemo onaninso ngati USB ili pa Enabled. Makompyuta ambiri a m'sukulu zathu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi, ndipo maofesi ena amatseka dala timabowoti poopa kubedwa kwa zinsinsi zawo. Ngati kiyibodi ndi mausi zonse zakana, yang'anani kumbuyo timabowo tozungulira ta PS/2, kofiirira ka kiyibodi ndi kobiriwira ka mausi. Zimenezi muzilumikiza kompyuta ili chithimire.

Chachisanu n'cha mu Windows. Tsegulani Device Manager, mupite pamene palembedwa Universal Serial Bus controllers. Chizindikiro chachikasu chimasonyeza kuti driver, kapulogalamu kamene kamalankhulitsa Windows ndi kabowo, kasokonekera. Sankhani Uninstall, kenaka muyatsenso kompyuta, Windows idzakabwezeretsa yokha. Dziwani kuti mausi ya USB itha kusiya kuyenda mukatero, ndiye musadzidzimuke. Pa USB Root Hub, pansi pa Power Management, chotsani chithiki chimene chimalola kompyuta kuthimitsa kabowo posunga magetsi. Amene mudakali pa Windows 7, dziwani kuti simabwera ndi driver wa USB 3.0, choncho timabowo ta buluu timakhala chete mpaka mutaika driver wake. Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020.

Zonsezi zikakanika, m'pamene muyenera kuitana katswiri. Ngakhale pamenepo si maliro. Pali kakhadi kokhala ndi timabowo tatsopano kamene amakalowetsa pa motherboard, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kompyuta ina. Bokosi la power supply lokha musalitsegule, chifukwa limasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula chingwe.

Komanso tinene chilungamo, anzanga aphunzitsi. Timabowo tambiri timatha chifukwa cha kutchajirapo mafoni. Magetsi akangoyaka, aliyense amathamangira ku kompyuta ya sukulu ndi chingwe chake, china chosenda, china chomangidwa ndi pulasitiki. Kulowetsa ndi kuzula tsiku lonse kumakulitsa kabowo, ndipo chingwe chosenda chimagundanitsa magetsi. Sukulu igule ekisitenshoni ya mafoni payokha. Igulenso kachingwe kotalikitsira USB kamene kazikhala pa kompyuta nthawi zonse, kuti chotha chizikhala kachingweko. Makompyuta azivindikiridwa ndi chitenje akathimitsidwa, ndipo magetsi akathima tizizula zingwe kukhoma mpaka atakhazikika.

Ndikupempha aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu kuti teremu ino atsegule tizipinda tija. Kompyuta iliyonse iyesedwe motsatira ndondomekoyi, ndipo zopezeka zilembedwe pa pepala n'kulimata pa kompyutapo. Ana a kalabu ya kompyuta akhalepo pa ntchitoyi, aone ndi maso awo, chifukwa ndi phunziro limene adzalifune akadzamaliza sukulu.