Seva yooneka yopepukidwa ikhoza kukunamizani

Mukatsegula tsamba pa intaneti, nthawi zambiri pempho lanu limayamba lafika kwa wogawa ntchito, load balancer, amene amasankha seva yoti ikuthandizeni mwa zambirimbiri zomwe zilipo. Ambiri timakhulupirira kuti kugawa kwabwino ndi kosinthana: uyu alandire, kenako uyu, kenako uyo, n'kuyambiranso. Njirayi ndi round robin, ndipo n'zomveka kuikonda, poti ndi yosavuta.

Koma taimani pa chigayo Loweruka m'mawa. Mayi wina wasenza kabeseni ka mphale, mnzake wabwera ndi matumba awiri pa njinga. Powerenga mitu ndi anthu awiri basi, koma amene waima kumbuyo kwa matumbawo adzachoka dzuwa lili paliwombo. Mapempho nawonso salemera mofanana: lina likufuna kachithunzi kamodzi, lina lipoti la chaka chonse.

Ndiye tizipereka kwa seva yopepukidwa kuposa zonse, sichoncho? Apa mpamene pamandikhudza kwambiri, chifukwa ganizoli ndi lanzeru ndithu, koma limapweteketsa. Ogawa ntchito akakhala ambiri, aliyense amadalira uthenga wonena za kutanganidwa kwa maseva, womwe umafika mochedwa pang'ono. Onse amaona seva imodzimodzi ili phee, onse n'kuikhuthulira katundu nthawi imodzi mpaka kuifoola. Palinso seva yodwala, imene ikungokana pempho lililonse msangamsanga. Pamzere pake sipakhala munthu, choncho imaoneka yakhama, n'kumapatsidwa ntchito yochulukirapo yoti iwononge.

Mankhwala a vuto loyambalo ndi odabwitsa. Michael Mitzenmacher, m'kafukufuku wake wa 1996 ku Berkeley, anafotokoza ubwino wotola maseva awiri okha mwachisawawa n'kupereka ntchito kwa yopepukidwa mwa awiriwo. Mizere italiitali imafupika kwambiri, ndipo ogawawo sathamangiranso khomo limodzi. Lero njirayi imapezeka m'mapulogalamu ogawa ntchito monga NGINX, HAProxy ndi Envoy.

Poyesa njira zonsezi, avereji ya nthawi yodikira yankho imatonthoza mtima pachabe. Mu 2013, Jeff Dean ndi Luiz Barroso a ku Google anapereka chitsanzo ichi: seva ikamachedwa kamodzi kokha pa mapempho 100, koma tsamba lanu likudikira mayankho a maseva 100 nthawi imodzi, anthu 63 pa 100 alionse adzakumana nako kuchedwako. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ana p99, nthawi imene pempho limodzi lokha pa 100 limapitirira. Ndipo poyesapo amasakaniza dala mapempho olemera ndi opepuka, n'kudwalitsa seva imodzi kuti aone ngati wogawayo aizindikire.