Mitengo Yobwezera Conde Ifuna Mudzi Wonse kwa Zingalume

Anthu a m'dziko la Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, sanaiwale caka ca 2024. Mvula inadula cimanga cisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale caka comweco Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mvula siili m'manja mwa munthu. Koma mlimi wopenyetsetsa adziwa kuti dzuwa likaomba cotere, cimanga ca m'munda woguga ndico cimayamba kufota, pamene ca m'nthaka yakuda, yodzala ndi masamba oolerana, cimapirira masiku ena angapo. Ndiye cifukwa cace nkhani ya kucinjiriza nthaka ndi mitengo iyenera kukambidwanso pa bwalo.

Makolo akale munda ukaguga anali kuusiya kuti ukhale tsala zaka zambiri, kufikira thengo litamera ndi kubwezeramo conde. Lero anthu acuruka, malo acepa, ndipo munda umodzi umalimidwa cimanga caka ndi caka. Boma litaleka kucepetsa mtengo wa feteleza kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, alimi ambiri a kum'mawa kuno analephera kuugula. Nthawi imeneyo akatswiri a pa Msekera, pafupi ndi Chipata, pamodzi ndi bungwe la ICRAF la ku Nairobi, anali atayamba kale kuyesa njira yofupikitsa tsala. Mmodzi wa otsogolera nchitoyo anali Dr. Freddie Kwesiga. Anabzala jelejele m'munda woguga, nausiya zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka anadula mitengoyo, nakwirira masamba ace, nabzalamo cimanga. Zokolola zinaposa kawiri za m'munda wopanda feteleza, ndipo mitengo yodulidwayo inasanduka nkhuni. Chadiza ndi limodzi la maboma amene alimi ace anayesa njirayi m'minda mwao.

Cinsinsi cace cili ku mizu. Munthu akazula jelejele adzaona timfundo ting'ono-ting'ono pa mizu yace, monga tija timaoneka pa nshawa ndi soya. M'timfundomo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga mu mpweya cakudya comwe cija alimi amagula m'thumba la Urea. Cakudyaco cimakwera m'masamba, ndipo masamba akaolera m'nthaka, cimanga cimadya. Gilisidiya, mtengo wocokera ku Central America, ndiponso ombwe ndi msangu, yonse imacita cimodzi-modzi.

Tsono ngati njirayi iri yabwino cotere, bwanji minda yonse siinadzale ndi mitengo imeneyi? Alimi sanailephere cifukwa ca kusamva. Cimene cinaononga nchito ya ambiri ndi cilimwe. Mwambo wa kuno ndi wakuti anthu akatha kukolola, ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimatayiriridwa kuti zikadye mapesi m'munda wa munthu ali yense. Nthawi yomweyo anyamata amatentha udzu kuti aone bwino mauna a mbewa. Munda wa cimanga cokololedwa sutaya kanthu kooneka ndi maso, koma munda wa mitengo ya caka cimodzi umatha masana amodzi. Mwini wace akadandaula, anzace amamuyesa wa ndeu, pakuti ziweto zacita monga zimacitira zaka zonse. Munthu wotere caka cinzace sabzalanso, ndipo palibe angamnene.

Nkhaniyi inafika kwa mafumu, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1990 mafumu akuru a Acewa ndi Angoni, Kalonga Gawa Undi ndi Nkhosi Mpezeni, anabvomereza malamulo oletsa kutentha thengo wamba ndi kulekerera ziweto m'minda ya mitengo. Malamulowo anathandiza, koma lamulo palokha siliyenda. Ng'ombe iri ndi mwini wace wodziwika, moto ulibe. Ndiponso lamulolo liri ndi amene limawalemetsa. Mwini ng'ombe ayenera kupeza wobusa caka conse, ndipo kawiri-kawiri wobusayo ndi mwana amene akadakhala ku sukulu. Banja losauka limene ndiwo zace m'cilimwe ndi mbewa limaona ngati alilanda mbale. Anthu otere akapanda kufunsidwa, amabvomera pa bwalo ndi kukatentha usiku. Akulu-akulu amakumbukiranso migula ya nthawi ya atsamunda: inali yothandiza, koma popeza anthu anaikumba moopa kulipira mlandu, ambiri anaisiya mantha atatha.

Komabe m'midzi ya Acewa muli umboni wakuti anthu angathe kusunga mitengo popanda mlonda wolipidwa. Ngakhale kumene thengo lonse latha ndi nkhwangwa, msitu wa kumanda umaima wobiriwira, wooneka munthu akali patali. Palibe mpanda, koma mudzi wonse unapangana, ndipo mwana ali yense amakula akudziwa.

Apa ndipo pali nchito ya magulu a anthu odzipereka. Gulu lotere silifuna anthu ambiri. Mabanja khumi kapena makumi awiri oyandikana minda akwanira. Limayamba ndi kupempha mlangizi wa zaulimi wa m'kampu yao kuti adzawaphunzitse, ndiponso kudziwitsa nyakwawa, cifukwa popanda iye pangano lao lidzakhala la m'nyumba cabe. Eni ng'ombe aitanidwe tsiku loyamba lomwelo, angakhale iwo safuna kubzala mtengo ndi umodzi womwe.

Maphunziro eni-eni amacitika pa nazale. Nazale imakonzedwa m'mwezi wa Okotobala kapena Novembala, pafupi ndi citsime kapena dimba, pa mabedi okwezeka a mthunzi wa udzu. Mbande zimaokeredwa zikakwanitsa masabata asanu ndi limodzi kufikira asanu ndi atatu, mvula itakhazikika. Jelejele amabzalidwa motalikirana mita imodzi mbali zonse, ndiko kuti mbande 2,500 pa lima imodzi. Munthu mmodzi kuthirira mbande zotere m'dzuwa la Okotobala, m'mawa ndi madzulo, angagwe ulesi sabata yaciwiri. Gulu limagawana masiku. Pano pali colakwa cimene cimaoneka kawiri-kawiri: amuna amatenga mipando ya wapampando ndi mlembi, ndowa nkusiyira akazi. Gulu lotere silikhalitsa. Silikhalitsanso gulu limene anthu analembetsa maina atamva kuti kukubwera njinga kapena ndalama za msonkhano.

Pa nazale pomwepo alimi amaphunzira kusankha mtengo woyenera munda wao. Jelejele amakula msanga, koma ziweto zimamkonda, ndipo mizu yace imasunga tinyongolotsi timene timaononga fodya. Wolima fodya asatsatize mbeu ziwirizi m'munda umodzi. Ombwe amafesedwa m'munda mweni-mweni wopanda nazale, ndipo ziweto sizimufuna kweni-kweni. Gilisidiya akadulidwa amaphukanso, cotero mlimi wa malo ocepa angathe kumsunga pakati pa mizere ya cimanga zaka zambiri, namasadza masamba ace caka ndi caka. Msangu umafuna kupirira. Umabzalidwa motalikirana mamita 10, mitengo 25 pa lima, ndipo phindu lace limaoneka patapita zaka zambiri. Koma uli ndi khalidwe lacilendo lakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina iri gudugudu, cotero suphimba cimanga.

Cinthu cacikuru cimene gulu lingacite, cimene munthu payekha sangacithe, ndi kuika minda ya mitengo pamalo amodzi. Ikakhala yogundizana, njira imodzi yolambulidwa bwino imaizinga yonse, moto nkulephera kudumpha. Abusa adziwa mbali imene sayenera kupirikitsirako ng'ombe, ndipo madambo ndi minda ina zimatsala za msipu. Osaka mbewa nawonso amauzidwa kumene angakumbe. Udzu wa m'mbali umatenthedwa msanga, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, usanaumitsitse, pakuti moto wa nthawi imeneyo ndi wofatsa. Wa Sepitembala ndi Okotobala ndiwo umapha mitengo.

Magulu amene afuna kusunganso thengo la m'mapiri, kumene kumacokera masuku, bowa, uci ndi milimo ya nyumba, ali ndi lamulo lowaimira. Lamulo la Nkhalango la 2015, pamodzi ndi malangizo ace a 2018, limalola anthu a m'midzi kupanga gulu losamala nkhalango yao. Ayenera kupeza cibvomerezo ca mfumu, kugwirizana malire ndi midzi yoyandikana nayo, ndi kupereka pempho kwa Mkuru wa Dipatimenti ya Nkhalango. Akabvomerezedwa amasaina pangano limene limawapatsa mphamvu yoletsa odula mitengo ndi ootca makala opanda cilolezo, ndiponso yopindula ndi zotuluka m'nkhalangomo. Pempho lotere limayambira ku ofesi ya za nkhalango pa boma la Chadiza.

Mbeu za jelejele, ombwe ndi gilisidiya zimafunika zikhale m'manja mwezi wa Okotobala usanafike. Gulu limene lifuna kuokera caka cino likumane ndi nyakwawa ndi mlangizi anthu akangotha kukolola, ziweto zisanatayiriridwe.