Ndalama za pa foni

Amai amagulitsa mbatata pa msika wa Ulónguè. Agogo amakhala ku Dómuè. Kale amai ankatuma munthu kukapereka ndalama kwa agogo. Nthawi zina ndalamazo sizinkafika.

Vutoli linalinso ku Kenya. Kumeneko anthu anapanga M-Pesa yobwezera ngongole pa foni. Koma anaona kuti ambiri akufuna kutumizira abale ao ndalama. Tsono anaisintha, nayamba nayo mu 2007. Kuno ku Moçambique inafika mu 2013.

Poyamba amai ankaopa. Anatumiza ndalama zocepa. Uthenga unabwera pa foni. Agogo anati, "Ndalandira, mwana wanga." Tsopano amai saopanso. Koma nambala yao yacinsinsi sauza munthu aliyense.

Kodi amai analeka kuopa cifukwa ciani?