Chainsaw ikakalika silinda, musafulumire kuitaya

Zimachitika nthawi yolakwika, oda ya matabwa ili pakati ndipo mwini wake anapereka kale theka la ndalama. Chainsaw yomwe imalira bwinobwino m'mawa imangoti zii mkati mwa chipika. Mukakoka chingwe mupeza chalimba gwa, apo ayi chikungobwera chopanda mphamvu. Kunyumba akudikira ya fizi ndi ya ndiwo.

Makaniko wodziwa ntchito yake sathamangira kuphwasula injini yonse. Amayamba wamasula salensa n'kusuzumira pabowo lotulukira utsi. Akaona pisitoni ili mizeremizere ngati yakandidwa ndi mphaka, amadziwa kuti silinda nayo yakhudzidwa.

Apa mpamene ambiri amataya ndalama, chifukwa amauzidwa kuti silinda yatha, agule ina. Si nthawi zonse.

Silinda ya makina ngati Stihl MS 381 kapena Husqvarna 272XP ndi ya aluminiyamu, koma mkati mwake anakutamo kachitsulo kolimba zedi, Nikasil kapena chrome, kopyapyala ngati tsitsi. N'chifukwa chake siibooledwanso monga amachitira ndi ya galimoto. Pisitoni ndiye yofewa, ndipo imakwera ndi kutsika maulendo oposa 12,000 pamphindi imodzi. Ikatentha mopyola muyeso imasungunuka n'kudzipaka pakhoma la silinda. Choncho zomwe zimaoneka ngati mabala, kawirikawiri ndi aluminiyamu amene wangomatirira, khoma lenilenilo lili bwino pansi pake.

Pochotsa zomatirirazi amagwiritsa ntchito asidi wa hydrochloric, yemwe m'mahadiweya amadziwika kuti spirits of salts. Amaviika kathonje kokulunga kukamtengo n'kupaka pokhapo pamene pamatirira. Pamachita thovu, kusonyeza kuti aluminiyamu akudyeka. Amapukuta n'kubwerezanso mpaka thovu litaleka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asidiyu akayenderera m'mphepete mwa mabowo, momwe kachitsulo kolimba kaja kamathera, amadya silinda yeniyeniyo. Ntchitoyi ndi yochitira panja, magalasi ali m'maso, magolovesi ali m'manja, ana ali kutali. Pomaliza amatsuka ndi madzi osungunuliramo soda, yemwe uja wophikira therere, kuti asidi athe mphamvu.

Kenaka amakwecha mofatsa ndi sandipepa wosalala, nambala 320 kapena 400, wonyowetsa ndi oyilo, mozungulira khoma osati motsika ndi kukwera. Ena amamangirira sandipepa kudirilo kuti ntchito ithe msanga. Kumeneko n'kusewera ndi chuma cha mwini.

Woweruza ndi chikhadabo. Chiyendetseni pakhoma: chikakodwa mumzere umene uli pamwamba pa bowo la utsi, ndiye kuti kachitsulo kaja kabooka, mphamvu izithawira pomwepo, ndipo palibenso kuchitira mwina koma kugula silinda ina. Timizere tosazama ta m'munsi mwa mabowo nthawi zambiri sitivuta.

Silinda ikapulumuka, pisitoni yakale isabwereremo. Pamafunika yatsopano, maring'i ake, tizitsulo totsekera pini ndi gasiketi. Muvi wolembedwa pamutu pa pisitoni uloze kotulukira utsi.

Komabe makaniko amene wangomanga injini osafunsa chomwe chinaipha, wakugulitsani vuto lomwelo kawiri. Pisitoni yakale ija ndiyo mboni. Ikakalika mbali yolowera mafuta, fumbi ndi utuchi zimadutsa pa fyuluta yong'ambika. Ikapsa mbali ya utsi, injini imatentha: mwina oyilo anachepa, mwina kabuleta anaifinya kwambiri pofuna kusunga petulo, mwinanso mphepo imalowera pa masilo a kulankishafuti kapena pa kamphira kolumikiza kabuleta ndi silinda. Tcheni chobuntha nacho chimalemetsa injini mpaka kutentha.

Pa oyilo ndipo pamalakwika zambiri. Stihl ndi Husqvarna amalangiza muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wabwino wa two-stroke pa malita 5 a petulo. Kuthira mwa diso, kapena kusakaniza oyilo wakuda wokhetsa m'galimoto, ndi njira yachidule yobwerera kwa makaniko. Kumbukiraninso kuti kuno ku Malawi petulo anayamba kumusakaniza ndi ethanol mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaononga timapaipi ta mphira pang'onopang'ono, kotero mafuta okhalitsa m'chigubu miyezi ingapo si oyenera kuthira m'makinawa.

Makina akatuluka kwa makaniko, mathanki oyambirira musawathamangitse mpaka kumapeto tcheni chili m'malere. Mukatha thanki yachiwiri, masulaninso salensa musuzumire pisitoni. Mukaona kamzere katsopano, zimitsani ndipo muwabweze tsiku lomwelo.