Madzi ndi feteleza pa mtengo wa mapeyala

Pakhomo pano tonse tikudziwa kuti mchere sukoleretsa ndiwo uli m'botolo. Umayamba kugwira ntchito ukasungunuka mumphika. Feteleza amene mumathira pa mtengo wa mapeyala alinso chimodzimodzi, chifukwa mizu imangoyamwa zimene zasungunuka m'madzi a m'nthaka. Choncho amene wanyamula keni yothirira ndiye akulamula komwe fetelezayo apite.

Mphika wathu pankhaniyi ndi wosaya. Mtengo wa mapeyala umakula kupitirira denga la nyumba, koma mizu yake yodyera yambiri ili m'masentimita 60 apamwamba a nthaka. Kapalaseni masamba ouma pansi pa mtengo wathanzi, muona timizu toyera, tofewa, toduka msanga, tili pamwamba penipeni. Chakudya chikatsika kupitirira pamenepo, mtengo sungachipezenso.

Tiyambe ndi kuchulutsa madzi. Mayi akachulutsa madzi m'ndiwo kenako n'kutsanulako, mchere wina umapita ndi madziwo. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, chakudya chimene chimabiriwitsa masamba. Yureya akakhala m'nthaka yonyowa amasanduka nayitireti, ndipo nayitireti sagwirira ku dothi. Madzi akamatsika, iye amatsika nawo. Pa nthaka ya mchenga amathawa msanga kwambiri. Mwini mtengo amadabwa kuona masamba akale akuchita chikasu pomwe feteleza anathira, n'kumadandaula kuti anamugulitsa wabodza. Nzeru yake n'kugawa feteleza wa chaka chonse katatu kapena kanayi, m'malo momukhuthula tsiku limodzi.

Si zakudya zonse zimathawa chonchi. Fosifolasi amakhala pomwe mwamuika, n'chifukwa chake ndi bwino kumusakaniza ndi dothi la m'dzenje pobzala. Potaziyamu, amene zipatso zimamufuna wambiri, amayenda pang'onopang'ono, koma pa mchenga nayenso amatsika.

Pa makande vuto ndi lina. Madzi amadikha, mpweya n'kusowa m'nthaka, ndipo mizu ya mapeyala sipirira zimenezi ngakhale kwa masiku ochepa. Apa ndi pomwe matenda oola mizu, obwera ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora, amapezera mpata. Timizu toyera tija timada n'kumafumbutuka m'manja. Choipa chake n'chakuti mtengo wotere umaoneka ngati waludzu: masamba amafota, kuchepa ndi kuyoyoka. Mwini wake amawonjezera madzi, n'kuumaliza. Ngati malo anu amasunga madzi, bzalani pa mulu wokwera, osati m'chidzenje.

Nanga madzi akachepa? Msuzi ukaphwa pamoto, mchere womwe uja umawawa pakamwa. Feteleza wothira pa nthaka youma amachitanso zomwezo ku mizu: m'malo mopatsa mtengo chakudya, amaulanda madzi. Nsonga za masamba zimapsa n'kukhala zofiirira. Mapeyala ndi amodzi mwa mitengo yazipatso yosapirira mchere, choncho madzi a pa mjigo wamchere sawayanja, ngakhalenso feteleza wa potashi wokhala ndi kolorayidi. Yureya wosiyidwa pamtunda dzuwa likuswa mtengo amauluka ngati mpweya. Mukamuthira, thirirani tsiku lomwelo madzi ongomulowetsa pansi.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba mapeyala amachita maluwa m'chilimwe, ndipo tizipatso timakumana ndi kutentha kwa Okutobala tidakali tating'ono. Mtengo ukamva ludzu nthawi imeneyi umagwetsa zipatso zambiri kuti udzipulumutse. Imeneyi ndiye miyezi yothirira mosadumphitsa. M'dzinja mvula yamphamvu ikamagwa, feteleza muthire pang'ono chabe. Musakhalenso ndi dzanja lolemera pa nayitrojeni: akachuluka, mtengo umatanganidwa ndi nthambi ndi masamba, zipatso n'kuchepa.

Kuti mudziwe ngati nthawi yothirira yakwana, kumbani kuya kwa khasu pansi pa nthambi, tapani dothi n'kulifumbata. Likaumbika popanda kudontha madzi, chinyontho chilipo. Likamwazika mutangotambasula dzanja, thirirani. Likatuluka m'mipata ya zala ngati matope, dikirani kaye. Feteleza mwazani mozungulira, kulekezera pomwe pathera nthambi, osamuunjika patsinde.

Manyowa oola bwino ndi udzu wophimbira zimathandiza mbali zonse ziwiri, madzi akachuluka ndiponso akachepa. Zimasunga chinyontho, zimagwira chakudya kuti chisathawe ndi madzi, komanso zimateteza timizu tapamwamba tija ku dzuwa. Siyani mpata wa chikhatho pakati pa udzu ndi thunthu kuti khungwa lisaole. Masamba ogwa pansi pa mtengo musawasese n'kukaotcha; ndi chakudya chimene mtengo ukudzibwezera wokha.

Chomaliza, yureya akathiridwa zaka zambiri pamalo amodzi amachulukitsa asidi m'nthaka, ndipo fosifolasi amamangika osapezekanso ku mizu. Apa kuwonjezera thumba lina n'kutaya ndalama. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu mmene mungayezetsere dothi, monga ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, kuti mudziwe ngati chofunika ndi laimu musanapite kukagula feteleza wina.